Pakamwa ndi m'manja: kulera mwana wosamva ku Mwanza, kale ndi lero

Chisanafike chaka cha 1968, m'Malawi munalibe sukulu ya ana osamva. Anzawo osaona anali atayamba kale kuphunzira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, amishoni atatsegula sukulu ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Koma mwana wogontha wobadwira ku Thambani, kwa Kanduku kapena kwa Nthache ankakulira pakhomo, ndipo chinenero chonse chimene ankachidziwa chinali chimene iye ndi amayi ake anapangana okha.

Chinenero cha pakhomocho tisachipeputse. Mayi akapinda dzanja ngati akutema mbamu n'kulifikitsa kukamwa, mwana ankadziwa kuti nsima yapsa. Akasanjika manja pamutu, ndiye kuti tiye kumadzi. Munthu aliyense wa pabanjapo ankakhala ndi chizindikiro chake: agogo ankatchulidwa ndi ndodo yawo, amalume ndi ndevu, mlongo ndi chipsera cha pachipumi. Ndi zizindikiro zimenezi mwana ankalima, ankaweta mbuzi, ankathyola manachesi nyengo yake ikakwana, ndipo pa ntchito yamanja nthawi zambiri ankaposa anzake akumva. Chimene chinkasowa chinali china. Zizindikiro za pakhomo zimatha kunena "bwera", "idya", "usagwire", koma sizitha kufotokoza chifukwa chimene bambo anapitira ku migodi, kapena kumene agogo apita anthu atabwerako kumanda. Nthano zinkakambidwa usiku pamoto, nthawi imene manja saoneka bwino ndipo milomo siwerengeka. Mtsikana akatha msinkhu ankalowa m'chinamwali n'kukhala pakati pa anankungwi, koma mwambo wambiri umaperekedwa m'mawu ndi m'nyimbo, choncho ankatulukamo ndi zimene maso ake anatola basi. Pabwalo la milandu kwa amfumu ankamuyankhulira ndi mbale wake, ngakhale mlanduwo utakhala wa iye mwini. Ndipo mayi uja akamwalira, theka la chinenerocho linkapita naye, poti kumudzi woyandikana nawo kunalibe wochidziwa.

Ambiri mwa ana amenewa sanabadwe osamva. Malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi, mafinya osatha m'khutu, ngakhalenso mankhwala ena amphamvu monga kwinini, zonsezi zimatha kugonthetsa mwana amene anali kumva bwinobwino. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Mwana amene wagontha ali ndi zaka 7 amakhala ndi Chichewa chake m'mutu, amadziwa kuti mawu ndi chiyani. Wobadwa wosamva sanamvepo ngakhale dzina lake. Kumudzi onse awiri ankaikidwa m'dengu limodzi, ndipo makolo ankayenda nawo njira imodzi: kwa sing'anga, kumapemphero, kapena kwa munthu woti aone pansi pa lilime, poganiza kuti mwana sakulankhula chifukwa lilime linamangika.

Mkangano wa kuphunzitsa ana osamva ndi pakamwa kapena ndi manja umene unadzafika kuno unayambira kutali, ndipo unali utakalamba kale. Cha m'ma 1760 wansembe wina wa ku Paris, Charles-Michel de l'Épée, anatsegula sukulu imene inkaphunzitsa ana osamva ndi manja. Ku Germany, Samuel Heinicke ankati ayi, mwana aphunzire kutulutsa mawu ndi kuwerenga milomo. Mbali ziwirizi zinakokana kwa zaka zoposa 100, mpaka mu 1880 pamene aphunzitsi a ana osamva anasonkhana ku Milan m'dziko la Italy n'kugamula kuti njira ya pakamwa ndiyo yopambana. Pafupifupi onse amene anaponya voti pamsonkhanowo anali anthu akumva. Zotsatira zake, manja anathamangitsidwa m'makalasi a m'mayiko ambiri, ndipo aphunzitsi osamva anataya ntchito.

Imodzi mwa sukulu zimene zinadzatchuka ndi njira ya pakamwayi inali ya ku Sint-Michielsgestel m'dziko la Netherlands, kumene kunkagwira ntchito abale a chipani cha FIC cha ku Maastricht. Abale a chipani chimenechi anafika m'Malawi mu 1960, ndipo mu 1968 anayambitsa maphunziro a ana osamva ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene kuli sukulu ya Maryview. Dzina limene limakumbukiridwa pa ntchitoyi ndi la Brother Hortensius Meeuws. Anabwera ndi njira imene ankaidziwa ndi kuikhulupirira. Kumadzulo kwa Africa zinthu zinayenda mosiyana: kumeneko anafika ndi Andrew Foster, mmishoni wakuda wa ku America amene anali wosamva iye mwini, ndipo kuyambira ku Ghana mu 1957 anatsegula sukulu zophunzitsa ndi manja. Anzathu a kumeneko analandira sukulu kuchokera kwa munthu wosamva, ife tinailandira kuchokera kwa anthu akumva, ndipo kusiyana kumeneku kukuonekabe mpaka lero. Komabe sindigwirizana nawo amene amangowaona abale aja ngati olakwa. Pa nthawi imene boma ndi mipingo ina sankaganizako n'komwe za ana amenewa, iwo anamanga makalasi ndi malo ogona, n'kuyamba kusula aphunzitsi pa koleji ya Montfort, imene mpaka pano ndi chitsime cha aphunzitsi a ana olumala m'dziko muno.

Phunziro la kulankhula ndi ntchito yolimba. Mphunzitsi ndi mwana amakhala pamaso pa kalilole. Mphunzitsi amatenga dzanja la mwana n'kuliika pakhosi pake kuti mwanayo amve kunjenjemera, kenako n'kuliika pakhosi pa mwana yemweyo kuti ayesere. Pofuna kusiyanitsa "pa" ndi "pha" amaika nthenga kapena kapepala patsogolo pa milomo, mwana aone kuti mawu enawo amatuluka ndi mpweya. Liwu limodzi limatha kudya masabata. Kuwerenga milomo nakonso kuli ndi malire ake. Yesani kunena "pano" ndi "mano" pakalilole osatulutsa mawu, kapena "phala" ndi "bala": milomo imachita chimodzimodzi. Mawu opangidwira kumbuyo kwa kamwa saoneka n'komwe, ndipo kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene m'Chichewa kumasiyanitsa mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika, diso silingakugwire. Ana amene anagontha atayamba kale kulankhula, ndi amene ankamvako pang'ono, njirayi inawathandiza kwambiri. Obadwa osamveratu ambiri ankatha zaka akulimbana ndi mawu ochepa, masamu ndi maphunziro ena zikudikira.

Koma sukulu yogonera inachita chinthu chimene eni ake sanachikonze. Inasonkhanitsa pamodzi ana osamva ochokera m'maboma osiyanasiyana, aliyense atanyamula zizindikiro za kwawo. Belu lotuluka likalira, kumalo ogona, kochapira, pabwalo la mpira, manja ankagwira ntchito. Chizindikiro cha ku Mwanza chinkakumana ndi cha ku Mulanje ndi cha ku Zomba, china n'kufa, china n'kukhazikika. Akuluakulu ankaphunzitsa obwera kumene, n'kuwapatsa dzina la m'manja lotengera maonekedwe kapena khalidwe lawo, dzina limene munthu amakhala nalo moyo wake wonse. M'menemo munayamba kukambidwa miseche, nthabwala, mikangano ndi chikondi, zinthu zimene zizindikiro za pakhomo sizinkafikako. Zoterezi sizinachitike kuno kokha. Ku Nicaragua, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1980, akatswiri anaona ndi maso awo chinenero chamanja chatsopano chikubadwa pakati pa ana a sukulu imene aphunzitsi ake ankalimbikira za milomo. Kuno kwathu sukulu zina zinatsatira: Mua ku Dedza, Mountain View ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, ndipo kumpoto Embangweni, Bandawe ndi Karonga. Iliyonse inakhala ndi kalankhulidwe kake, moti mpaka lero osamva amatha kuzindikira kumene mnzawo anaphunzira poona manja ake.

Kwa banja la ku Mwanza, sukulu zapafupi zinali Maryview ndi Mountain View, ndipo "pafupi" pamenepa ndi ulendo wotsika mpaka pa Zalewa, kuwoloka Shire, kudutsa Lunzu ndi Blantyre, n'kupitirira Limbe. Kuchokera pa boma kukafika ku Blantyre kokha ndi makilomita pafupifupi 100, osawerengera mtunda wochokera kumudzi. Malo m'sukuluzo anali ochepa. Nkhani yotumiza mwana inkayenera kudutsa kwa amalume, eni mbumba, ndipo funso limene linkabwera linali loti ndalama ya ulendo ithere mwana ameneyu kapena abale ake akumva. Ambiri sanapite. Kwa amene anapita, vuto linkaonekera pa tchuthi. Mwana wafika, anthu asonkhana pakhonde, mayi akumugwira paphewa: "Tanena kuti amayi, amve azakhali akowa." Mwana amatchula, mawu ake akumveka mwachilendo, anthu amaomba m'manja, ena kugwetsa misozi. Zikatha apo macheza amabwerera m'Chichewa chothamanga, iye amakhala pambali kuyang'ana milomo isanu ikuyenda nthawi imodzi. M'manja mwake muli chinenero chathunthu chimene angafotokozere zonse za teremu yathayo, koma pakhomo palibe wochidziwa. Makolo ambiri ankadabwa, ena kukhumudwa, poona mwana akuwerenga masiku oti abwerere kusukulu. Ankaganiza kuti wanyada. Sanali kunyada, kusukulu n'kumene kunali anthu omumva.

Zinthu zinayamba kutembenuka pamene osamva eni ake anayamba kudzilankhulira. Kunja, katswiri wina wa pa koleji ya Gallaudet ku America, William Stokoe, anali atasonyeza kale mu 1960 kuti chinenero chamanja chili ndi malamulo akeake monga chinenero china chilichonse, si Chingerezi chothyoka kapena kungolozaloza. Kuno, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene dziko lonse linali kuphunzira kutsegula pakamwa, kunabadwa bungwe la anthu osamva la Malawi National Association of the Deaf, MANAD mwachidule. Ambiri mwa oyambitsa mabungwe otere amakhala ana a sukulu zogonera zomwe zija, ndipo chimene amamenyera ndi chinenero chimene anachiphunzira kunja kwa kalasi. Bungwe la osamva la ku Finland linathandiza MANAD kwa zaka zambiri, ndipo pamapeto pake panatuluka buku lotanthauzira zizindikiro za chinenero chamanja cha Malawi. Mu 1999 mabungwe a anthu olumala anapanga mgwirizano wa FEDOMA. Chaka chomwecho kunayamba wailesi ya kanema ya dziko lino, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu anazolowera kuona womasulira pakona ya kanema pa nthawi ya nkhani. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene limatchula chinenero chamanja ndi chikhalidwe cha osamva, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu olumala. Mu 2010, pamsonkhano wa ku Vancouver m'dziko la Canada, aphunzitsi a ana osamva anakana poyera chigamulo cha ku Milan chija, patatha zaka 130. Kumene anthu a ku Mwanza amapita tsiku ndi tsiku kudzera pa Zobue nakonso kwasintha: malamulo a Zimbabwe a 2013 anaika chinenero chamanja pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo South Africa inachita chimodzimodzi mu 2023, kukhala chinenero cha nambala 12.

Pamene izi zinkachitika, njira ina inali itatseguka. Mu 1994 boma linathetsa fizi ya kupulayimale, ndipo chaka chomwecho msonkhano wa ku Salamanca m'dziko la Spain unalimbikitsa kuti ana olumala aziphunzira limodzi ndi anzawo m'sukulu za kwawo. Malawi anatsata njirayi, n'kuyamba kuika zipinda zapadera m'sukulu zina ndi kutumizako aphunzitsi ochokera ku Montfort. Kwa mwana woyenda pa njinga ya olumala, maganizo amenewa ndi abwino kotheratu: mukonzereni khomo ndi chimbudzi, aphunzira. Kwa mwana wosamva nkhani ndi ina, ndipo chikalata cha ku Salamanca chomwecho chinavomereza kuti ana osamva angathandizike bwino m'sukulu kapena m'makalasi awoawo chifukwa cha chinenero. Chiganizo chimenecho ambiri sachikumbukira. Taganizirani kalasi ya Sitandade 2 yodzaza mpaka pakhomo, mphunzitsi akulankhula atayang'ana kubolodi, ana akuyankha onse pamodzi. Mwana wosamva amakopera zonse zili pabolodi mwaukhondo, kope lake n'kukongola kuposa la wina aliyense, koma osadziwa chimene walemba. Akafika m'makalasi apamwamba akumana ndi Chingerezi, chinenero chachitatu, Chichewa chomwe asanachigwire, ndipo mayeso a Sitandade 8 akumudikira. M'kuona kwanga, njira imeneyi inabwezera mwana kwa amayi ake koma inamulanda anzake osamva, pamene sukulu yogonera inamupatsa anzake n'kumulanda amayi. Mwanza ndi boma laling'ono, makamaka chichokereni Neno mu 2003. Kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 131,000. Ana osamva a msinkhu umodzi amwazikana m'midzi yotalikirana, moti wina amatha kufika zaka 10 asanakumanepo ndi munthu wina wonga iye.

Azachipatala nawo afika ndi zawo. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli chipatala cha makutu, mphuno ndi pakhosi, chimene chinakula ndi khama la Dr Wakisa Mulwafu, ndipo mu 2016 kunatsegulidwa nyumba yoyezera kamvedwe mothandizidwa ndi bungwe la ku Britain la Sound Seekers. Ku Lilongwe kuli chipatala chotere pa African Bible College. Katemera wa chikuku ndi rubella, amene analowa mu 2017, akutseka njira imodzi imene ana ankabadwira osamva. Ana ochepa kwambiri anachitidwapo opaleshoni yoika kachipangizo mkati mwa khutu. Ambiri amene amathandizidwa amalandira kamakina kovala kukhutu, ndipo kwa mwana womvako pang'ono kamakinako kamasintha moyo. Koma kamafuna mabatire, kamaopa fumbi ndi chinyezi, ndipo kachidutswa kolowa m'khutu kamachepa mwana akamakula, ndiye pafunika ulendo wina wa ku Blantyre. Sikachiritsa. Kamakweza mawu, ndipo ngati khutu lilibiretu chogwirira, kamangokweza phokoso.

Ndi kamakinaka mantha akale aja abwereranso m'chovala chatsopano. Makolo amauzana kuti mukamuzoloweza manja achita ulesi, sadzalankhula. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri sagwirizana ndi mantha amenewa: mwana amene ali ndi chinenero chamanja sataya mwayi wolankhula, ndipo chinenero choyamba chimakhala maziko a chachiwiri. Choopsa chenicheni ndi kudikira. Ubongo wa mwana umagwira chinenero mosavuta m'zaka zoyambirira, ndipo zakazo zikapita wopanda chinenero chilichonse, cha pakamwa kapena cha m'manja, chilondacho sichipola msanga. M'mera mpoyamba. Tsoka lake, pa ana osamva 100 aliwonse, oposa 90 amabadwa kwa makolo akumva, amene sanaganizepo za nkhaniyi. Mayi amayamba kukayika mwana atakwana chaka, apongozi n'kumati: "Musade nkhawa, bambo akenso anachedwa kulankhula." Amayesa kuomba m'manja kumbuyo kwake, mwana amatembenuka chifukwa waona chithunzithunzi kapena wamva kamphepo, banja lonse n'kupuma. Kusikelo amayeza kulemera ndi kubaya katemera, ndipo za makutu zimakambidwa ngati mayi wazitchula yekha. Pamene zikudziwika bwinobwino, mwana ali ndi zaka 4 kapena 5.

Osamva akuluakulu amanena kuti iwo si odwala, ndi anthu a chinenero china, okhala ndi mayina awo, nthabwala zawo ndi mwambo wawo: kumugwira munthu paphewa pomuitana, kuyang'anana m'maso polankhula, kusankha pokhala powala. Akunena zoona. Anthu akumva analawako pang'ono za moyo umenewu mu 2020, pamene aliyense anaphimba pakamwa chifukwa cha Covid-19, ndipo amene ankadalira kuwerenga milomo anapezeka kuti alibe pogwira pamsika ndi pachipatala pomwe. Koma nawonso makolo ali ndi mfundo imene siyenera kunyozedwa. Mwanayu adzagula ndi kugulitsa pamsika wa pa Mwanza, adzakwera minibasi, adzaima pamaso pa namwino ndi wapolisi, ndipo onsewo amalankhula Chichewa. Ayenera kuchidziwa, ngati si pakamwa ndiye papepala ndi pafoni. Amene anagontha atakula asasiyitsidwe mawu ake, ndipo womvako pang'ono avale kamakina kake. Cholakwika cha zaka zonsezi chinali kuuza kholo kuti lisankhe chimodzi, ndi kusenzetsa mwana yekha ntchito yonse yosintha. Mwana wa zaka 6 ankayembekezeka kuphunzira mawu amene sangawamve, pamene akuluakulu 10 a pakhomo pake, okhala ndi maso ndi manja abwinobwino, palibe amene ankawapempha kuphunzira zizindikiro 50.

M'mabanja mmene zikuyendako bwino, nthawi zambiri woyamba kuphunzira amakhala mng'ono kapena mlongo wake wa mwanayo, chifukwa ana sachita manyazi ndi manja awo. Mayi amatsatira. Abambo ndiwo amachedwa, ndipo si zachilendo kuona bambo akuitana kamwana ka zaka 8 kuti kamumasulire zimene mwana wake woyamba akunena. Foni nayo yachita zimene malamulo sanathe: mnyamata wosamva wa pa boma amacheza pa vidiyo ya WhatsApp ndi mnzake wa ku Ndirande kapena wa ku Johannesburg, bola mayunitsi akhalepo. Chimene chikusowabe ndi malo amene mayi wa ku Thambani, wokhala ndi mwana wa zaka 2, angakaphunzire chinenero chamanja popanda kukwera galimoto ya ku Blantyre. Omasulira ophunzitsidwa bwino ndi ochepa m'dziko lonse, ndipo ambiri ali m'mizinda. Komatu aphunzitsi ake sali kutali. Ana aja amene ankatsika pa Zalewa kupita ku Nguludi ndi ku Bvumbwe anakula, ndipo ena anabwerera kwawo, akusoka zovala, akupala matabwa, akulima. Chinenerocho amachidziwa kuposa mphunzitsi aliyense wakumva amene anachiphunzira pa kosi ya miyezi ingapo. Alangizi a zaumoyo amadziwa nyumba iliyonse m'dera lawo, yokhala ndi khanda losatembenuka likaitanidwa ndi yokhala ndi telala wosamva, ndipo tsiku la sikelo amayi onse amakhala pamalo amodzi m'mawa wonse akudikira mzere.